Mankhwala Tikumwa, Nanga Maganizo? Uphungu wa pa Foni kwa Odwala Matenda Okhalitsa

[Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA: Tikulankhula kuchokera kuno ku Roma mu Lusaka, ndipo moni wathu ufike kwa anansi athu a ku Ng'ombe ndi Kalundu, a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga, osaiwala inu amene mukumvera muli mu minibasi pa Great East Road. Pulogalamu ya lero ndi ya munthu amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo anauzidwa kuti adzamwa moyo wake wonse. Wa shuga, wa BP, wa ma ARV, wa khunyu, wa sickle cell, wa impso amene amakatsukitsa magazi kuchipatala cha UTH, wa khansa amene akuyendera ku Cancer Diseases Hospital. Ndi yanunso inu amene mukudwazika munthu wotere pakhomo.

Tsiku lanu la ku kiliniki likakwana, amakukwezani pa sikelo, amakumangani lamba pamkono, amakubayani chala, n'kulemba manambala m'kabuku kanu. Zonsezi n'zofunika, ndipo tsiku lanu musamaliphonye. Koma mzere umakhala wautali, anamwino ndi ochepa, ndiye pali mafunso ena amene nthawi yake sipezeka. Tulo mukumagona? Kukacha mumakhala ndi mtima wodzuka? Munaseka liti komaliza? Lero tikambirana mafunso amenewa, komanso njira yopezera thandizo imene yayamba kuzika mizu mu Lusaka muno, yolankhula ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino pa foni kapena pa intaneti, inu muli kwanu, iye ali kwake.

Tilipo ambiri. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo m'Zambia, 11 ali ndi kachilombo ka HIV. Kafukufuku wa STEPS wa 2017, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO, anapeza kuti pafupifupi wamkulu 1 mwa 5 ali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 ali ndi shuga wokwera m'magazi. Mukakwera basi yodzaza m'mawa, dziwani kuti pa mipando imeneyo pali anzanu angapo amene ameza kale piritsi asanatuluke m'nyumba, ngakhale palibe amene anganene.

Malungo akabwera, munthu amamwa Coartem masiku 3, abale amadzamuzonda, akachira nkhani yatha. Shuga sachoka. Mwezi woyamba anthu amabwera kudzapepesa ndi kulimbikitsa. Pofika chaka chachitatu onse anazolowera, koma wodwalayo akadali pomwepo: kuwerenga mapiritsi, kudya kansima kochepa ena akukhuta, kusaka ndalama ya timapepala toyezera shuga, kuyang'ana kabala ka pa chala cha kuphazi n'kumadzifunsa kuti kadzathera pati. Mawu amene anthu otere amanena tonse tinawamvapo. "Ndatopa nawo mankhwala." "Ndikungoganiza kwambiri." "Mtima wanga suli m'malo." "Ndangosanduka mtolo kwa ana." Ife timafulumira kuyankha kuti limbani mtima, ena akuvutika kuposa inu. Timanena ndi mtima wabwino, koma yankho limeneli limatseka munthu pakamwa, ndipo sadzabwerezanso kutiuza.

Kukhumudwa kwa tsiku limodzi kapena awiri kumagwera aliyense. Achipatala amati munthu wadwala matenda a kuvutika maganizo ngati kwa milungu 2 kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, ali wachisoni kapena zimene ankakonda sizikumukomeranso, ndipo pamwamba pake tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa kapena akudya mosaleka, mphamvu zatha, maganizo sakukhazikika, akudziona wachabechabe, mwina mpaka kulakalaka imfa. Pali pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9 limene alangizi amayezera zimenezi, ndipo mafunso ake amafunsika bwinobwino pa foni.

Matenda amenewa amakonda kuyenda ndi matenda okhalitsa. Mu 2001 akatswiri ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri anapeza kuti chiopsezo cha kuvutika maganizo chimawirikiza kawiri mwa odwala shuga poyerekeza ndi amene alibe shuga. Mu 2000 ena anali atapeza kale kuti wodwala akamavutika maganizo, chiopsezo choti aleke kutsatira malangizo a dokotala chimawirikiza katatu. Mmene zimayendera n'zosavuta kumva. Nkhawa ikakhalitsa, thupi limatulutsa cortisol ndi adrenaline wambiri, ndipo zimenezi zimakweza shuga ndi BP. Munthu wosagona amadzuka wofooka, sayenda, saphika, amangogula vitumbuwa ndi chakumwa chotsekemera pa kantemba. Wina amathawira ku mowa kuti apeze tulo. Wa ma ARV akayamba kudumphadumpha masiku, kachilombo kamachulukanso m'magazi ndipo kangayambe kupirira mankhwala. Akapita ku kiliniki manambala aipa, amadzudzulidwa, amabwerako ndi manyazi, ndipo maganizo amaipiraipira. Ndiye tikamanena zothandiza maganizo a wodwala shuga, dziwani kuti tikuchiza shuga yemweyo.

Pano ndichenjeze chinthu chimodzi tisanapitirire. Zizindikiro zina zimaoneka ngati za maganizo pamene gwero lake lili m'thupi. Shuga akatsika kwambiri munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umagunda ngati wachita mantha. Kuchepa kwa magazi kumafooketsa. Amene anayamba ma ARV kale akukumbukira efavirenz, amene ena ankawalotetsa maloto oopsa ndi kuwasokoneza maganizo. Kuyambira mu 2018 dziko lathu linayamba kusinthira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Choncho mukaona kusintha kotere, woyamba kumuuza ndi dokotala kapena namwino amene amakuonani. Mlangizi wa pa foni sangakuyezeni magazi.

[Nyimbo pang'ono]

WOULUTSA: Nanga n'chifukwa chiyani anthu sapita kukafuna uphungu? Mu Lusaka muno mukangotchula za maganizo, dzina limene limabwera ndi Chainama. Chipatala cha Chainama Hills chinatsegulidwa mu 1962, ndipo chathandiza anthu osawerengeka. Koma dzina lake tinalisandutsa chitonzo, mpaka ana amanyozana nalo posewera. Bambo wa zaka 60 amene anagwira ntchito m'boma moyo wake wonse, lero ali ndi BP ndipo sagona, sangalole kuti wina amuone akutsika basi pamenepo. Lamulo linasintha: Mental Health Act ya 2019 inachotsa lamulo la atsamunda la 1949 limene linkatchula odwala ndi mayina onyoza, ndipo latsopanoli limanena za ufulu ndi ulemu wa wodwala. Koma pakamwa pathu sipanasinthe msanga ngati lamulo.

Palinso ulendo. Wodwala impso amene wakhala maola 4 pa makina alibe mphamvu zokweranso mabasi awiri mawa lake. Amene wachoka kolandira mankhwala a khansa amachita nseru akangomva fungo la dizilo. Madokotala a maganizo nawonso ndi ochepa kwambiri m'dziko lonse, ndipo ambiri a iwo ali mu Lusaka momwemuno. Palinso chinthu china chimene sitichiganizira. Masiku ano amene akuyenda bwino pa ma ARV amalandira mankhwala a miyezi 3 kapena 6 nthawi imodzi. Ndi chinthu chabwino zedi, chachepetsa mizere ndi ndalama zoyendera. Koma ndiye kuti munthu angathe theka la chaka osakumana ndi wachipatala aliyense womuyang'ana kumaso. Mwamuna angamuthawe mu February, ntchito n'kutha mu April, koma tsiku lake la ku kiliniki lili mu July.

Apa ndi pamene foni yalowera. Matenda a COVID-19 atafika m'Zambia mu March 2020, misonkhano inaletsedwa, ndipo mabungwe amene ankapereka uphungu maso ndi maso anakakamizika kupeza njira ina. Bungwe la StrongMinds, limene linayambira ku Uganda n'kufika m'Zambia mu 2019, linkasonkhanitsa anthu ovutika maganizo, makamaka amayi, m'magulu okumana mlungu uliwonse. Mu 2020 linasamutsira timagulu timeneti pa foni: anthu angapo ndi mtsogoleri wawo amalumikizidwa pa lamya imodzi, aliyense ali kwawo, ndipo kafoni ka mabatani n'kokwanira. Njira yawo imafufuza chimene chinayambitsa vutolo pakati pa zinthu 4: maliro, mkangano ndi munthu wapafupi, kusintha kwakukulu m'moyo, ndi kusungulumwa. Kuuzidwa kuti muli ndi matenda osachoka ndi kusintha kwakukulu, ndipo kawirikawiri kumakoka zinazo.

Njira ina ndi CETA, imene inakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, ena mwa iwo Laura Murray ndi Paul Bolton. Inayesedwa m'makomboni a mu Lusaka muno, ndipo alangizi ake anali anthu wamba a m'deralo amene anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti nkhanza za m'banja ndi kumwa mowa mopitirira zinachepa. Njira yomweyi inayesedwanso mogwirizana ndi bungwe la CIDRZ kwa anthu a pa ma ARV amene amamwa mowa kwambiri. Nthawi ya COVID-19 nayonso inasamukira pa foni, ndipo achinyamata amene anathandizidwa motero atafunsidwa, anayamikira kusayenda ulendo, koma anadandaula za netiweki yodukaduka ndi kusowa malo olankhulira mwachinsinsi. Madandaulo awiriwa muwasunge, tibwererako.

Kunja nako zayesedwa. Ku Australia kuli kiliniki ya pa intaneti yotchedwa MindSpot, yochokera ku yunivesite ya Macquarie ku Sydney, imene ili ndi maphunziro okonzedwera anthu a ululu wosatha ndi a matenda okhalitsa. Ku Lebanon bungwe la WHO ndi unduna wa zaumoyo wa kumeneko anayesa pulogalamu ya pa foni yotchedwa Step-by-Step: maphunziro 5 amene munthu amawerenga yekha, ndi mthandizi womuimbira kapena kumulembera kwa mphindi zosapitirira 15 pa mlungu. Zotsatira za 2022 zinaonetsa kuti kuvutika maganizo kunachepa pakati pa othawa nkhondo a ku Syria. Ndipo mu 2021, akatswiri ataunika pamodzi kafukufuku wambiri wa uphungu wa pa intaneti, anapeza kuti umene uli ndi munthu wokutsogolera umathandiza kuposa umene munthu amangodziwerengera yekha, makamaka kwa amene matenda awakulira. Kwa ine mfundo yaikulu ya pulogalamu ya lero ndi imeneyi. Chochiza ndi munthu wodziwa ntchito amene ali mbali inayo, amene akukudikirani Lachiwiri likudzali ndipo adzazindikira mukapanda kuyankha. Foni ingomufikitsa kwa inu.

Ambiri amafunsa kuti kodi amakambirana chiyani, si kungocheza basi? Tamverani chitsanzo ichi. Ndi sewero limene takonza kuti mumve mmene zimakhalira: mayi wa shuga, wamasiye, pa ulendo wake wachitatu wolankhula ndi mlangizi.

[Kulira kwa foni]

MLANGIZI: Mwaswera bwanji, Amayi? Tisanayambe, muli pa malo oti mungalankhule momasuka?

MAYI: Ndaswera, mwananga. Ndili kuseri kwa nyumba, adzukulu apita kusukulu.

MLANGIZI: Chabwino. Foni ikaduka musaimbe ndinu, ndikuimbiraninso ine. Mlungu watha tinagwirizana kuti madzulo alionse muzilemba nambala, kuyambira 0 mpaka 10, ya mmene mtima wanu wakhalira. Zayenda bwanji?

MAYI: Ndalemba. Masiku ambiri ndi 3. Lachisanu ndinalemba 1. Lamlungu 6.

MLANGIZI: Tiyambe ndi Lachisanu. Kunachitika chiyani?

MAYI: Mwana wanga wamkazi anatumiza ndalama ya mankhwala. Pa foni ndinamva kuti watopa. Nditadula ndinangoti, ine ndikumudyera mwanayu ndalama za ana ake. Madzulo piritsi sindinamwe. Loweruka sindinamwenso.

MLANGIZI: Zikomo pondiuza zoona, Amayi. Ganizo lakuti mukumudyera ndalama litabwera, munachita chiyani?

MAYI: Ndinakagona. Dzuwa likadalipo.

MLANGIZI: Iyeyo ananena kuti watopa nanu?

MAYI: Ayi. Anati kuntchito kwachuluka zochita.

MLANGIZI: Nanga ana akewo, akaweruka kusukulu amafikira kwa yani?

MAYI: Kwa ine. Ndine ndimawaphikira.

MLANGIZI: Ndiye mnzanu wa kutchalitchi atakhala kuti akulera adzukulu ngati inu, n'kukuuzani kuti iye ndi mtolo chabe, mungamuyankhe chiyani?

MAYI: Ndingamuuze kuti akunama. Hm. Ndingamuuze kuti popanda iye nyumba ija siyenda.

MLANGIZI: Mawu amenewo muwalembe pansi pa nambala ya Lachisanu. Nanga Lamlungu, 6 anachokera kuti?

MAYI: Ndinapita ku mapemphero. Pobwera tinayenda pansi ndi anzanga awiri, tikucheza.

MLANGIZI: Mlungu uno, kupatula Lamlungu, ndi tsiku liti limene mungayende nawonso, ngakhale mphindi 20?

MAYI: Lachinayi kuli msonkhano wa amayi. Ndinasiya kupita chaka chatha.

MLANGIZI: Chingakulepheretseni n'chiyani?

MAYI: Mapazi. Amachita dzanzi, nthawi zina ngati moto.

MLANGIZI: Limenelo ndi la ku kiliniki, Amayi, ndipo lisadikire tsiku lanu. Mupite mawa mukawauze za mapaziwo, ndi za masiku awiri amene simunamwe mankhwala. Lachiwiri ndikadzaimba, funso langa loyamba lidzakhala limenelo.

[Nyimbo pang'ono]

WOULUTSA: Mwamva kuti mlangizi sanalalikire, sanakalipe, ndipo sanamuuze mayiyu kuti alimbe mtima. Wamuthandiza kuona yekha chingwe chimene chikuchoka pa ganizo kupita pa piritsi losamwedwa, wamupatsa ntchito yaing'ono yotheka, ndipo za mapazi wazibweza kwa eni ake. Uphungu wotere umakhala ndi chiyambi ndi mathero, kawirikawiri milungu 6 mpaka 12, ndipo pakati pa milunguyo pamakhala zochita kunyumba.

Tsopano tibwere kwathu. Roma ndi Ng'ombe n'zoyandikana, moti m'mawa uliwonse anthu amayenda pansi kuchoka ku komboni kudzagwira ntchito kumayadi. Matenda a shuga ndi BP ali mbali zonse ziwiri, koma chovuta pa uphungu wa pa foni n'chosiyana.

Kumayadi kuno malo olankhulira alipo ambiri. Chimene chikusowa ndi anthu. Kuseri kwa mipanda italiitali ya mu Zambezi Road ndi misewu yozungulira kuli makolo opuma pa ntchito amene ana awo ali ku London, ku Perth kapena ku Johannesburg. Ndalama ya mankhwala imafika pa nthawi yake, koma tsiku lingathe munthu atalankhula ndi mlonda yekha. Kwa otere uphungu wa pa foni ndi wosavuta kuyamba, ndipo ana amene ali kunja angathe kulipira. Nkhawa yanga ndi yakuti foniyo ingasanduke chifukwa china chosatulukira pa geti. Mlangizi wabwino adzakukankhirani kunja, kwa anzanu, ku mpingo, ku gulu la odwala anzanu, monga mwamvera m'sewero muja. Ngati patha miyezi mukulankhula naye koma simunaonane ndi munthu wina aliyense, mufunseni kuti mukulowera kuti.

Ku komboni anthu alipo, koma malo palibe. Nyumba ya zipinda ziwiri, anthu 7, khoma la mnansi lili pafupi moti chifuwa chake mumachimva. Foni ndi imodzi, masana ili ndi bambo, madzulo ana akuonerapo mavidiyo. Mayi amene sanaululire mwamuna wake kuti ali pa ma ARV sangalankhule za zimenezi m'nyumba yotere, ndipo uthenga umodzi wa pa WhatsApp wowerengedwa ndi munthu wolakwika ungathetse banja kapena kumumenyetsa. Nkhani imeneyi si yaing'ono, ndipo iyenera kukambidwa pa tsiku loyamba. Muuzeni mlangizi ngati foni mumabwerekana. Gwirizanani ola loimbira, ndipo asatumize uthenga wotchula matenda anu. Nambala yake muisunge ndi dzina wamba. Gwirizananinso mawu oti munene wina akalowa mwadzidzidzi, monga akuti "ndidzakuyankhani za chilimba mawa", kuti iye adziwe kuti simuli nokha. Ena amapeza malo pa bwalo la tchalitchi pakati pa mlungu, ena amavala mahedifoni n'kumalankhula akuyenda pang'onopang'ono mumsewu wopanda anthu ambiri.

Ndipo inu mabwana a kumayadi, mayi amene amakuchapirani ndi kukuphikirani mwina malo okhawo a phee amene angawapeze pa mlungu wonse ndi kuseri kwa nyumba yanu. Akakupemphani mphindi 45 Lachiwiri lililonse kuti alankhule pa foni, mupatseni, ndipo musamufunse kuti akulankhula ndi yani.

Za malaiti tonse tikuzidziwa. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, madera ena ankakhala maola 20 pa tsiku opanda magetsi, mafoni n'kuzima, netiweki n'kumavuta. Kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa 2022 anapezanso kuti ogwiritsa ntchito intaneti m'dziko muno anali pafupifupi munthu 1 mwa 4. N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kuimba kwa mawu okha. Vidiyo ndi yabwino kwa amene ali ndi Wi-Fi ndi sola, chifukwa mlangizi amaona nkhope, koma imadya bandulo ndipo imaima pakati pa chiganizo, mwina pamene munthu wangoyamba kunena chimene wakhala akubisa zaka. Funsani poyamba kuti woimba ndani ndipo talktime ndi ya yani. Mabungwe ena amathandiza mwaulere. Akatswiri odziimira okha amalipiritsa, ndipo mtengo muudziwe musanayambe.

[Nyimbo pang'ono]

WOULUTSA: Pa Facebook ndi pa TikTok pali anthu ambiri odzitcha alangizi. Ena ndi enieni, ena ayi, ndipo wodwala wotopa ndi wosavuta kumudyera. Musachite manyazi kufunsa munthu kuti anaphunzira kuti, analembetsa kuti, ndipo amamuyang'anira ndani. Madokotala ndi ena ogwira ntchito zaumoyo amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, alangizi ali ndi Zambia Counselling Council, ndipo akatswiri a maganizo ali ndi bungwe lawo la Psychology Association of Zambia. Wophunzira ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa. Mufunseninso kuti zimene mukumuuza amazilemba pati ndipo angazione ndani. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kutetezedwa mwapadera, ndiye kujambula mawu anu popanda chilolezo chanu n'kosaloledwa. Adzakuuzaninso malire a chinsinsicho: moyo wanu kapena wa munthu wina ukakhala pangozi, ayenera kuitana thandizo.

Koma munthu akakuuzani kuti musiye ma ARV, insulin kapena mankhwala a khunyu, dulani foni pomwepo, kaya akulankhula m'dzina la sayansi, la zitsamba kapena la Mulungu. Chimodzimodzi amene uphungu wake umathera pa kukugulitsani mabotolo, ndi amene akulonjeza kuti muchira m'masiku 3 mukatumiza ndalama pa foni. Pemphero ndi uphungu sizilimbana. Abusa ndi ansembe ena mu Lusaka muno amatumiza akhristu awo kwa alangizi, ndipo wodwala angathe kupemphera m'mawa, kumwa piritsi lake, n'kuyankha foni ya mlangizi masana.

Achinyamata ambiri tsopano akumauza mavuto awo mapulogalamu a pa foni amene amayankha ngati munthu. Angakuthandizeni kupeza mawu ofotokozera zimene mukumva, kapena kukonza mafunso okafunsa dokotala. Koma pulogalamu yotere sinaone kabuku kanu ka ku kiliniki, nthawi zina imanena zolakwika molimba mtima, ndipo mukasowa milungu iwiri siingatume munthu kudzagogoda pakhomo panu. Za kuchuluka kwa mankhwala musaifunse n'komwe.

Pali nthawi zimene foni siikwanira. Ngati munthu akunena zodzipha, kapena wayamba kusunga mapiritsi pambali, kapena akugawa katundu wake ngati akutsanzika. Ngati akumva mawu amene ena sakuwamva, wasokonezeka mwadzidzidzi, kapena wakana chakudya ndi mankhwala masiku angapo, musamusiye yekha. Chotsani mankhwala ndi china chilichonse chimene angadzipweteke nacho, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ku kiliniki yapafupi, ku UTH, ku Levy Mwanawasa kapena ku Chainama. Kumufunsa mosabisa kuti kodi akuganiza zodzipha sikumupatsa ganizolo. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Enanso amafunika mankhwala a kuvutika maganizo pamodzi ndi uphungu, ndipo amene angawalembe ndi dokotala wodziwa mankhwala ena onse amene mukumwa, chifukwa ena sagwirizana.

Kwa amene mukufuna poyambira lero lomwe: bungwe la Lifeline/Childline Zambia lili ndi manambala aulere, 933 ya akuluakulu ndi 116 ya ana, ndipo alangizi ake angakumvereni ndi kukulozerani kopita. Mukapitanso ku kiliniki, musadikire kufunsidwa. Namwino akamaliza kulemba BP, nenani kuti, "Sista, tulo sindikugona ndipo mankhwala ndayamba kudumpha, kodi pali mlangizi amene ndingalankhule naye, ngakhale pa foni?" Makiliniki a ma ARV amakhala ndi alangizi, ndipo a shuga ndi BP nawonso angakutumizeni koyenera.

Mlungu wamawa pa nthawi yomweyi tidzakamba za inu odwazika, amene mumadzuka usiku kutembenuza wodwala sitiroko m'mawa n'kupita ku ntchito. Tsalani bwino.

[Nyimbo yotsekera]